Musanayale kapeti m'mwamba, yambani mwasuzumira pansi pa matabwa

Ntchito yanga ndi ya matabwa, ndipo ndalowa m'nyumba zambiri za kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, kuyambira zakale zija za m'maesiteti a tiyi mpaka zosanja zatsopano zomwe zikumera cha ku Chitakale ndi ku Luchenza. Meyi akangolowa, chiperoni n'kuyamba kuwaza, foni yanga sipuma. Anthu amafuna kapeti m'zipinda zogona zam'mwamba chifukwa m'mawa pansi pamazizira ngati mwala wa mumtsinje wa Likhubula. Ntchitoyo sindikana, koma ndimayamba ndawauza kuti tsiku lomwe kapeti yakale yachoka ndi lokhalo lomwe adzaone zomwe zili kunsi kwa mapazi awo. Yatsopano ikangoyalidwa, pamenepo patsekedwa kwa zaka 10 kapena kuposerapo.

M'nyumba yosanja moto umakonda kuyambira pansi: kukhitchini, pabalaza pomwe kandulo yaiwalika magetsi atathima, kapena kunsi kwa masitepe komwe timaunjikako zinthu. Inu muli m'tulo m'mwambamo, ndipo pakati pa inu ndi motowo pali siling'i ya chipinda chapansi, mpata wa pakati pa mitanda, matabwa, kenako kapeti. Kapetiyo ndi yomalizira, choncho musaiyese chishango. Chomwe tikusaka pa ntchito yonseyi ndi nthawi, kuti utsi uchedwe kukwera, pansi pachedwe kugwa, inu ndi ana mutsike muli moyo. Galimoto ya ozimitsa moto ikakhala kuti ikuchokera ku Blantyre, ganizani nokha mtunda wake kuti idutse Limbe ndi Bvumbwe mpaka ifike pakhomo panu.

Choyamba dziwani kuti pansi panu ndi pa chiyani. Pondani mwamphamvu ndi chidendene. Pakamveka ngati mwaponda thanthwe, ndi konkire, ndipo mwapepukidwa chifukwa konkire siyaka. Chanu n'kufufuza maenje omwe anasiyidwa podutsa mapaipi ndi mawaya, muwatseke ndi simenti yosakaniza ndi mchenga, kenako mupite ku nkhani ya kusankha kapeti ndi ya masitepe. Pakamveka ngati ng'oma, ndi pa matabwa, ndipo zonse zili m'munsimu ndi zanu.

Zimitsani magetsi pa main switch musanagwire chilichonse. Kapeti yakale muziidula m'zidutswa zoti munthu mmodzi anyamule, muzikulunga n'kutulutsa panja nthawi yomweyo. Musaunjike pamasitepe poti mudzachotsa mawa, chifukwa njira yanu yotulukira ndi yomweyo. Musanataye, itembenuzeni muone kunsi kwake. Pomwe pali bala lakuda kapena pomwe pauma gwa ngati chikumba ndi pomwe panali kutentha, kaya kwa hita, simbi, kapena nthambo ya ekisitenshoni yomwe wina anaibisa kunsi. Chongani malowo ndi choko, mudzawafuna.

M'nyumba zakale samalani ndi zinthu ziwiri. Mukapeza matailosi apulasitiki akale kunsi kwa kapeti, kapena siling'i yolimba yotuwa ngati simenti, musapale, musaboole, musaphwanye, chifukwa zina mwa izo zili ndi asbestos ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Zisiyeni momwe zilili, muyale pamwamba pake. Chachiwiri ndi polishi yemwe agogo ankapaka pamatabwa Loweruka lililonse kwa zaka zosawerengeka. Ameneyo ndi phula, amayaka, ndipo guluu sagwira pamwamba pake. Mupaleni ndi chitsulo, osati kumusungunula ndi petulo kapena parafini monga ndaonera ena akuchita.

Tsopano zulani matabwa. Simukuyenera kuzula onse. Limodzi pa matabwa anayi kapena asanu alionse ndi lokwanira kuti dzanja ndi tochi zilowe, kuwonjezapo aja munachonga ndi choko, oyandikana ndi khoma, ndi omwe ali pamwamba pa khitchini. Lililonse mulilembe nambala kuti lidzabwerere pamalo pake. Mukamva kafungo kabwino pozula, mwina ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, womwe nyumba zambiri zakale zinamangidwa nawo chifukwa chiswe sichiufuna. Muzule mwaulemu, mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo ndi wotetezedwa, thabwa likasweka simupeza lina. Komanso dziwani kuti uli ndi mafuta ndipo ukagwira moto umayaka kwambiri.

Apa ndi pomwe eni nyumba amayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Mayi wina wa cha ku boma kuno atandipeza nditazula matabwa atatu m'chipinda cha adzukulu ake anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo, ine ndinakuitanirani kapeti. Zogumula nyumbazi tinagwirizana liti?"

"Mayi, pepani, tabwerani muone kaye."

Anagwada n'kusuzumira. Pakati pa mitanda panali chisa cha makoswe chachikulu ngati lichero, cha manyuzi, zitsononkho ndi nsanza, chitatsamira pa bokosi lolumikizira mawaya lopanda chivindikiro. Waya umodzi unali utatafunidwa mpaka mkuwa kuonekera, ndipo mtanda woyandikana nawo unali utada. Bedi la ana linali pamwamba penipeni. Anangoti, "Pitirizani, bambo," n'kutsika kukateleka tiyi.

Chotsani zonse zomwe mwapeza m'mpatamo: zisa, utuchi womwe amisiri oyamba anasesera momwemo, mapepala, zidutswa za matabwa. Mtanda uliwonse muubaye ndi sikuludiraiva, makamaka pomwe walowa m'khoma. Ikalowa ngati mukubaya mbatata yophika, mtandawo wadyedwa ndi chiswe kapena wavunda, ndipo ukufunika kusinthidwa kapena kuphatikizidwa ndi wina watsopano womangidwa ndi mabawuti. Chiyambire mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndakhala ndikupeza mitanda yovunda m'nyumba zomwe kunja zikuoneka zabwinobwino. Mtanda wonenepa, wamoyo, umapsa pang'onopang'ono kuchokera kunja uku ukunyamulabe katundu, pomwe wofumbwa umangothyoka. Ngati nyumba ili ndi chumuni chodutsa m'chipindamo, onani mitanda yoyandikana nacho. Thabwa lisagunde njerwa za chumuni, ndipo ming'alu ya m'njerwazo imatidwe.

Za mawaya si za kalipentala, ndipo si zanunso. Itanani wamagetsi yemwe ali ndi chiphaso cha MERA matabwa akadali ozula. Aone waya uliwonse wotafunidwa, wouma, kapena wolumikizidwa ndi tepi yokha. Polumikiza paliponse pakhale m'bokosi lotseka. Mawaya odutsa m'timipata tosemedwa pamwamba pa mitanda ndi oopsa chifukwa msomali wa thabwa umawapeza mosavuta, ndiye awadutsitse m'mabowo a pakati pa mtanda kapena awatchinge ndi kachitsulo. Ndipo poti wabwera kale, mufunseni awonjezere masoketi pomwe mukuwafunadi, pafupi ndi bedi ndi pomwe pamakhala TV. Anthu amabisa nthambo kunsi kwa kapeti chifukwa soketi ili kutali. Nthambo yotero imapondedwa tsiku ndi tsiku, kutentha kwake kulibe kothawira, ndipo ikayamba kusungunuka palibe amene amaona. Akamaliza, jambulani ndi foni momwe mawaya ndi mapaipi adutsira, mulembenso mizere yake ndi choko pamwamba pa matabwa.

Muli pomwepo, yang'anani msana wa siling'i. Imeneyi ndiyo imakumana ndi moto poyamba, ndipo ndi pomwe ndalama zanu zingagwire ntchito yaikulu kuposa pa kapeti yokwera mtengo. Ya plywood yopyapyala ndi nkhuni basi. Ya PVC, yomwe yafala chifukwa imaoneka bwino ndipo siithimbirira ndi chinyezi chathuchi, imasungunuka n'kumadontha, ndipo utsi wake ndi wowawa, wotsamwitsa. Yoyenera kunsi kwa chipinda chogona ndi plasterboard, yomwe m'mashopu a hadiweya ku Limbe ambiri amangoti rhino board. Mkati mwake muli gypsum, mwala womwe umasunga madzi, ndipo ukatenthedwa madziwo amatuluka ngati nthunzi n'kuchedwetsa moto. Bolodi la mamilimita 12.5 lomangidwa bwino ndi masikuluwu, mizere yake itamatidwa, pamwamba pali matabwa othinana, limagwira pafupifupi mphindi 30. Pali lina lopangidwira moto, nthawi zambiri lokhala ndi pepala lapinki, ndipo mukasanjikiza awiri mizere yawo isakumane mumayandikira ola lathunthu. Ngati thumba silikulola nyumba yonse, yambani ndi khitchini, kunsi kwa masitepe ndi kanjira kotulukira panja.

Bolodi labwino limaonongeka ndi mabowo. Timagetsi tija tolowa m'siling'i totchedwa downlight, kalikonse ndi khomo la moto. Takale ta halogen timatentha kupitirira madigiri 200, ndipo ndapezapo mitanda yowauka pamwamba pake. Sinthani muike ta LED tolembedwa kuti fire rated.

Kenako mpata wa pakati pa mitanda. Chomwe chimaikidwamo ndi rock wool, ubweya wopangidwa ndi miyala yosungunula, womwe umapirira kutentha kopitirira madigiri 1000. Musausokoneze ndi glass wool wachikasu wofewa uja, yemwe amafota msanga moto ukakula, ndipo polystyrene, zoyerayera zija zobwera m'makatoni a TV, isayandikire n'komwe. Kuika kwake kuli ndi kaluso kamodzi. Mukangougoneka pa siling'i, siling'iyo ikagwa nawonso ugwa. Ndiye dulani waya wa khola la nkhuku, muupinde ngati ngalande, muukhomere m'mbali mwa mitanda iwiri, rock wool wa mamilimita 100 agone m'menemo. Mudule mokulirapo pang'ono kuti alowe mothina, osasiya mpata ngakhale wa chala, ndipo musaiwale kampata ka pakati pa khoma ndi mtanda woyamba. Mawaya amagetsi asakwiririke mkati mwake, adutse pamwamba kuti azipitidwa mphepo. Valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi chophimba pamphuno, chifukwa amayabwa ngati chitedze. Phindu lina lomwe mudzalimve usiku woyamba ndi loti phokoso la pabalaza silikweranso, ndipo chipinda chimafunda.

Bwezerani matabwa. Omwe ali pamwamba pa mabokosi a mawaya muwamange ndi masikuluwu kuti mawa adzatseguke popanda kuswa. Tsopano yendani chokwawa m'mbali mwa makoma ndi pozungulira paipi iliyonse. Usiku, wina ayatse getsi m'chipinda chapansi inu muzimitse m'mwamba. Paliponse pomwe kuwala kwatulukira ndi pomwe utsi udzatulukire. Mipata yaikulu itsekeni ndi rock wool, yaing'ono ndi phala lomatira lolembedwa kuti intumescent, lomwe limafufuma likatenthedwa. Thovu lija la m'chitini lomwe limatupa, ngati silinalembedwe kuti ndi la moto, limayaka ngati udzu wouma wa mu Okutobala.

Matabwa akale ambiri alibe lilime ndi ngalande zolowana, amangogundana, ndipo atauma anasiya mizere. Pamwamba pake yalani hardboard ya mamilimita 3, kapena plywood ya mamilimita 6 yomwe ine ndimakonda kuno chifukwa cha chinyezi. Hardboard muinyowetse pang'ono kumbali yokhakhala, muisiye masiku awiri m'chipindamo musanakhome, apo ayi idzatukumuka mvula ikayamba. Misomali italikirane masentimita 15, ndipo ikhale yaifupi yosaboola thabwa mpaka kunsi. Mizere ya choko ija muikopere pamwamba pa bolodi latsopanoli.

Apa ndiye tafika pa kapeti yeniyeniyo.

Ya ubweya wa nkhosa ndiyo imavuta kuyaka. Khala lamoto likagwerapo imangowauka, n'kuzima yokha. Ya nayiloni imasungunuka. Ya polypropylene, yomwe ndi yotsika mtengo ndipo ndi yomwe yadzaza m'mashopu, imayamba kusungunuka pa madigiri pafupifupi 165, ndiye simbi yotentha ingoigunda yasiya chiboo. Yosakaniza magawo 80 a ubweya ndi 20 a nayiloni ndi yabwino m'zipinda zogona ndi pamasitepe. Pa chikalata cha kapeti yochokera kunja fufuzani zilembo monga Bfl-s1 kapena Cfl-s1. Chilembo choyambacho chikunena za kufala kwa moto, ndipo B imaposa C, pomwe s1 ikutanthauza kuti utsi wake ndi wochepa. Funsani wogulitsa akuonetseni, safunsa anadya phula. Akakhala kuti alibe pepala lililonse, monga zimakhalira ndi makapeti a kaunjika, pemphani kachidutswa. Kunyumba, panja, zulani ulusi pang'ono muuyatse ndi machesi mutaugwira ndi pulayazi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa, umazima mukachotsa machesi, ndipo phulusa lake limafumbutuka ndi zala. Nayiloni imasanduka kamkanda kolimba. Polypropylene imadontha uku ikuyakabe, ndipo ulusi wake mukauponya m'kapu ya madzi umayandama.

Choyala kunsi, underlay, anthu amangotola chilichonse chotsika mtengo. Siponji yopepuka ndi yomwe imatulutsa utsi wakuda kwambiri. Ya felt yolemera kapena ya labala yothinana ndi yabwinoko, ndipo nayonso ikhale ndi zilembo zake. Makatoni, manyuzi ndi masaka kunsi kwa kapeti ayi, ngakhale pazizire bwanji.

Tsiku loyala, ngati n'kotheka kapeti imangidwe ndi timatabwa ta minga tija totchedwa gripper m'mbali mwa makoma, mukuyang'ana mizere ya choko musanamenye msomali. Pomwe pakufunika guluu sankhani wosungunulira m'madzi. Guluu wa contact, wonunkha uja, mpweya wake ndi wolemera kuposa mphepo, umatsika masitepe n'kukapeza mbaula kukhitchini. Tsegulani mawindo onse, pasakhale wosuta, pasakhale kandulo, ndipo ophika aphikire panja tsikulo. Magetsi akathima ntchito ili mkati, tochi yokha. Zitini za guluu ndi zidutswa zotsala zituluke m'nyumba dzuwa lisanalowe.

M'chipinda chokhala ndi malo owothera moto kapeti isafike pakamwa pake. Siyani theka la mita la simenti, njerwa kapena matailosi, ndipo pakhale chotchinga cha waya, chifukwa nkhuni za paini ndi bulugama zimathetheka.

Kapeti ikalowa, zitseko zimayamba kukhula, ndipo mmisiri waulesi amadula kunsi kwa chitseko mpata wolowa chala chonse kuti asabwererenso. Palani pang'onopang'ono, mpata usapitirire sentimita imodzi. Chitseko chotseka usiku chimatchinga utsi kwa nthawi yaitali kuposa momwe ambiri amaganizira, makamaka cha thabwa lathunthu osati chopanda kanthu mkati.

Masitepe ndiwo chumuni cha nyumba yosanja, utsi wonse umakwera momwemo, ndipo inu mukutsika momwemo. Kapeti yake imangidwe sitepe iliyonse payokha, isatsale potukuka pomwe phazi lingakole mumdima. Ndiye tsegulani kachipinda ka kunsi kwa masitepe muone zomwe zilimo. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ambiri tinagula majenereta, ma inverter ndi mabatire, ndipo zambiri zinakathera kunsi kwa masitepe limodzi ndi chigubu cha petulo, silinda ya gasi ndi zitini za penti. Petulo ndi gasi zipite kunja kwa nyumba. Mabatire amatulutsa mpweya woyaka akamatchajidwa, ndiye akhale pamalo opita mphepo, pa simenti, osati pa kapeti.

Ntchito sinathe ngati pa siling'i palibe smoke alarm, alamu yomwe imalira ikamva utsi. Imodzi pamwamba pa masitepe, ina pansi pake, masentimita osachepera 30 kuchokera kukhoma. Ya batire ndiyo yoyenera kuno chifukwa usiku womwe magetsi athima ndi womwe makandulo ayaka. Dinani kabatani kake kamodzi pamwezi, ndipo chipangizo chonsecho chisinthidwe pakatha zaka 10. Chozimitsira moto cha ufa, cholembedwa ABC, chipachikidwe pamwamba pa masitepe pomwe dzanja lifika. Pa zitsulo za m'mawindo, windo limodzi m'mwamba likhale ndi chitsulo chotseguka, kiyi wake ali pamsomali pafupi, pomwe wa kunja sangafikire koma mwana wa zaka 8 angafikire. Muyeserere kutuluka usiku umodzi magetsi onse atazima, chokwawa, chifukwa mpweya wabwino umatsalira pansi.

Za mbaula ndinene mosapsatira, poti Juni ndi Julayi wa kuno timamudziwa. Isakwere m'mwamba. Khala limodzi lokha limaboola kapeti ya polypropylene mpaka pa underlay, koma choopsa kwambiri ndi mpweya wa makala, womwe ulibe fungo ndipo umapha munthu ali m'tulo. Chipinda chomwe mwachimata bwino chonchi chimausunga kuposa kale, ndipo smoke alarm wamba saumva. Koyilo ya udzudzu ikhale m'mbale yachitsulo, kandulo m'sosala yokhala ndi madzi pang'ono, hita italikirane ndi bedi ndi makatani mita imodzi. Kapeti ikanyowa ndi mvula yolowera pawindo, itukuleni iume ndi mphepo, osaisendezera moto.

Kwa mayi aja ntchito yomwe ankayesa ya tsiku limodzi inatenga masiku asanu, ndipo kapeti anagula yotsikirapo mtengo kuti ndalama ikwanire mabolodi a kukhitchini. Tsiku lomaliza ndinakweza kamdzukulu kawo kakang'ono paphewa kuti kadine batani la alamu. Italira kanatseka makutu, agogo ake ali pansi akufunsa ngati chinthucho chizilira choncho nthawi iliyonse akapsereza ndiwo. Alamuyo ndinaisuntha kuichotsa pafupi ndi khomo la khitchini, n'kulemba tsiku ndi cholembera kumbuyo kwake.